Batire linkangophwa daily, madala a ku Biwi anagwira mbava ndi kamita

Anzanga a kabaza komanso aliyense amene ali ndi njinga yamoto, ndati ndilembeko za malo amene anandikonzera vuto la batire chifukwa nkhani imeneyi ndimaiona pafupifupi tsiku lililonse pa renki, wina akukankha njinga, wina akuponda kiki mpaka thukuta kamukamu, wina akupempha mnzake kuti amubwereke batire angolizira. Ineyo ndinazunzika nazo miyezi inayi, ndinagula mabatire awiri atsopano, ndipo onse awiriwo analibe mlandu olo pang'ono. Dzina la madala amene anandithandizawo sindilemba, iwowo za pa intaneti safuna kumva, koma ali mbali ya ku Biwi konkuno ku Lilongwe, kuseri kwa mashopu a masipeya, kashedi ka malata kopanda ndi chikwangwani chomwe. Ntchito yawo ndi magetsi a galimoto ndi a njinga basi, injini sagwira, ukawauza za pistoni amangokulozera kwa anyamata a pafupi.

Njinga yanga ndi 125 ya ku China, zomwezi zadzadza m'tauni muno. Ndimagwirira ku Area 25, nde maulendo anga ambiri ndi afupiafupi, Nsungwi, Kanengo, pena Area 49, ukamutsitsa kasitomala wazimitsa, pakapita mphindi khumi waliza, patsiku umapezeka waliza mwina ka 40. Vuto linayamba mwakachetechete. Choyamba inali hutala, inayamba kulira ngati kamwana ka mbuzi kodwala, kenako ma indiketa akuphethira mwaulesi ndikaima pa maloboti, kenako m'mawa wina ndikudina sitata ndikungomva tiki, tiki, basi zii. Chondizunguza mutu chinali chakuti ndimatha kuyenda tsiku lonse, kuchoka 5 koloko m'mawa mpaka usiku, koma pofika kunyumba batire lili lofooka kuposa mmene ndinanyamukira, pomwe ine ndimadziwa kuti njinga ikamayenda ndiye kuti batire likudzadza.

Wina anena kuti aise si uli ndi kiki, ukudandaula chani. Zoona kiki imaliza, chifukwa njinga zambiri za mtundu umenewu moto wa ku pulagi umachokera ku koilo yakeyake kudzera pa CDI, kabokosi koyendetsa moto wa pulagi, batire olo litafa injini imalira ndithu. Koma tayesani kuti ikuzimireni pakati pa msewu wa M1 nthawi ya 5 koloko madzulo muli ndi mayi kumbuyo wanyamula beseni la tomato, muwauze kuti tatsikani kaye mayi ndiponde kiki, ma minibasi akukuimbirani hutala, mudzaona kuti sitata si manyado. Ndipo usiku kuyenda opanda hutala ndi getsi lolongosoka ndi kudziika dala m'kamwa mwa imfa.

Poyamba ndinachita zomwe aliyense amachita, kupita ku shopu ya masipeya. Mnyamata wa pa kauntala sanatuluke n'komwe kukaiona njinga, anangoti batire lafa bigi, mabatire obwera ndi njinga ndi mbola. Ndinagula la madzi lija la 12V 7Ah, anathira asidi pompo nkundimangira pompo ine nkumapita, ndipo masabata atatu zinali bho moti ndinkawauza anzanga kuti vuto latha. Sabata yachinayi tiki tiki uja wabwerera. Nde ndinalimasula nkukalisiya pa malo ena otchajitsa mabatire akuluakulu a galimoto, aja anthu amaonera TV kunyumba, anangolipana limodzi ndi zimabatire zazikuluzo, pokalitenga madzulo likutentha ngati mbatata yootcha, m'mbali mwake mwatupa, madzi atsika. Linagwira masiku asanu. Ndinabwerera ku shopu kuja, mnyamata uja amvekere a madzi ndi achikale bigi tengani lomata ili losathira madzi, lodulirapo. Ndinatenga. Nalonso mwezi sunathe.

Amene anandilozera kwa madalawa ndi mkulu wina wa pa renki pathu yemwe anayamba kabaza nthawi ya njinga zakapalasa, anandipeza ndikuwerenga ndalama zoti ndikagule batire lachitatu nkundiuza kuti mphwanga, safunsa anadya phula, pita ku Biwi akakuyezere kaye. Ndinapita Lachiwiri cham'ma 9. Kunena zoona nditafika mtima unagwa, malo ake osaoneka bwino, pansi mawaya ali mbwee, ma alternator akale aunjikidwa pakona, benchi imodzi yothyoka mwendo anaichirikiza ndi njerwa. Madalawo anali atalowetsa mutu mu bonet ya kagalimoto kena, ndinapereka moni anangoyankha osadzutsa mutu, ndinadikira ola ndi theka padzuwa. Ili ndi dandaulo langa loyamba ndipo ndibwereranso.

Atamaliza anabwera akupukuta m'manja nkundifunsa kuti yatani njingayi mwana wanga. Ine ndimvekere batire madala, likumangophwa, mwina mundiuze la mtundu wanji lolimba. Anandiyang'ana kaye nkufunsa kuti wagula angati. Ndinati awiri. Iwo amvekere nde ukufuna ugule lachitatu kuti akwane maliro atatu? Kenako anandiuziratu kuti kuyeza kokha amalipiritsa, apeze vuto asapeze, ndipo ndalama yake inali ngati ya lita imodzi ndi theka ya petulo. Mumtima ndinadandaula, ife tinazolowera kuti mekaniki umamulipira akamasula chinachake, osati kungogunditsa timawaya. Koma poti ndinali nditatopa ndinangoti chabwino madala.

Anatulutsa kamita koyezera magetsi, kachikasu kakale komata ndi selotepi, nkukaika pa 20 mbali ya DC, kofiira pa pozitivu kakuda pa negetivu, njinga ili chizimire. Kanawerenga mavolti 12.1. Anandiitana kuti ndione ndekha, ndipo ichi ndi chimene ndinawakondera madalawa, chilichonse amakuonetsa, sabisa ngati ena aja amakutuma kukagula fanta kuti usaone chomwe akupanga. Anati batire la 12V lodzadza bwino likapuma limayenera kuonetsa 12.6 mpaka 12.8, chifukwa mkati muli zipinda 6 ndipo chilichonse chimapereka pafupifupi 2.1. Likafika 12.2 ndiye kuti latsala theka, likafika 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Ine ndinkaganiza kuti bola likuonetsa 12 ndiye kuti lili fulu, kumeneko ndiye kunali kusadziwa kwanga.

Kenako anati liza. Ndinaponda kiki, kamita kali pompo pa batire, kanakwera kufika 12.4. Anati ipatse moto, ndinaipatsa mpaka injini kukuwa, kanangofika 12.7 nkukakamira pomwepo. Anati yatsa getsi lakutsogolo ndi timagetsi tako tokongolatu, poti ndinamangitsa ma spotlight awiri a LED pa chitsulo chakutsogolo, nditayatsa nambala inatsika mpaka 12.2 injini ikulira chomwecho. Madala anangoseka. Akuti njinga yabwinobwino ukaipatsa moto pamayenera kuoneka pakati pa 13.5 ndi 14.5, ikalephera kudutsa 13 ndiye kuti sikutchaja, ikapitirira 15 ndiye kuti ikuphika batire, mababu amapsa pafupipafupi ndipo madzi a m'batire amauma msanga.

Mmene anandifotokozera sindidzaiwala. Anati batire ndi ndowa, koilo ya mu injini ndi mjigo, rekitifaya ndi paipi yobweretsa madzi mu ndowamo. Ndowa sipanga madzi, imangosunga. Iwe ukutunga mu ndowa tsiku lonse, sitata, hutala, magetsi, koma paipi ikungodontheza, nde ndowa ikauma ukuthamangira kukagula ndowa ina yodzadza kale, masabata atatu yauma, wagulanso ina. Ndinachita manyazi chifukwa masabata atatu amenewo ndi enieni amene batire latsopano linkanditengera.

Apa ndi pamene ndinaona kusiyana kwa munthu wodziwa ndi woyerekeza, chifukwa wina akanangoti rekitifaya yafa kagule. Iwo anati tiyambe taona mjigo ngati ukutulutsa madzi. Anatsegula kava ya m'mbali nkuzula kasoketi kochokera ku injini, nkusintha kamita kukaika pa AC 200, chifukwa koilo imatulutsa moto wa AC ndipo ntchito ya rekitifaya ndi kuusandutsa DC komanso kuudula kuti usapyole muyezo. Pa njinga yanga mawaya otchaja ndi awiri, wachikasu ndi wapinki. Anandiuza kuti njinga zambiri za ku China anakopera Honda CG125 mpaka ndi mitundu ya mawaya yomwe, wobiriwira ndi earth, waya wa negetivu womangidwa ku felemu, wofiira ndi wa ku batire, wakuda ndi umene umakhala ndi moto ukatembenuza kiyi, koma anachenjeza kuti za ku India mitundu yake ndi ina ndipo njinga zikuluzikulu zimakhala ndi achikasu atatu, nde osamangolumikiza poti mnzako anatero. Injini ikungolira payokha panaoneka 18, nditaipatsa moto nambala inathamanga kudutsa 50. Anazimitsa nkuyezanso ngati waya wa koilo ukugunda ku bodi ya injini, sunkagunda. Akuti mjigo uli bwino, ukanakhala wopsa bwenzi tikutsegula injini ndipo bwenzi ukulira.

Koma kasoketi kaja atakatembenuza, abale, mkati munali mwakuda, pulasitiki itasungunuka mbali imodzi, timapini tachita zobiriwira ngati ndalama yakale yokwiririka. Anandifunsa kuti umatsukitsa kuti njinga. Ndinati kwa anyamata a mpope wa pulesha aja. Akuti eya, madzi amalowa umu, dzimbiri limagwira, moto ukamavutika kudutsa pamatentha, pakatentha pini imamasuka, ikamasuka pamatenthanso kwambiri. Anadula kasoketiko nkuika kena, nkupita pa waya wa earth pomwe umamangidwa ku felemu, bawuti yake inali ya dzimbiri ndi matope a dzinja lathali, anapala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala. Mitu ya batire anaitsuka ndi madzi osungunulira soda, yemweyu wa therere, nkupukuta nkupaka Vaseline pang'ono atamanga. Titaliza nambala inakwera kufika 13.1. Ine ndinasangalala ndimvekere zatheka madala, iwo amvekere ayi, 13.1 ndi malipiro a ganyu, sungadyetse banja.

Anatsegula kabati yawo nkutulutsa rekitifaya yawo yoyesera, yomwe amaidziwa kuti ndi yamoyo, nkuilumikiza mongoyembekezera. Kuliza, kuipatsa moto, 14.2. Kuyatsa magetsi onse, 13.8. Apo ndiye anati tsopano ukhoza kukagula rekitifaya, ndipo yangayo sindigulitsa. Masipeya sasunga madalawa, umakagula wekha, nde ndinayenda wapansi kukafika ku mashopu. Yoyamba imene ndinabweretsa anaibweza, akuti iyi ndi ya mapini anayi ya njinga zomwe getsi lakutsogolo limayaka pokhapokha injini ikalira, yako ndi ya mawaya asanu, ndipo olo za mapini anayi zokhazokha zimafanana kunja koma mkati analumikiza mosiyana, ukaika yolakwika umaotcha zinthu. Ndinabwereranso, wa shopu kuvuta kusintha, mpaka ndinachita kutenga yakale ija m'manja kukamuonetsa. Nde langizo langa apa, mukamapita kukagula nyamulani yakaleyo, musadalire pakamwa.

Ndinkaona ngati tamaliza, ndinayamba kuvala chipewa. Madala amvekere khala pansi, tapeza chifukwa chake ndowa simadzadza, sitinaone ngati ikudontha usiku. Anachotsa kiyi nkundipatsa kuti ndiike m'thumba, nkumasula waya wa negetivu pa batire, kamita anakasinthira ku ma amp, chingwe chimodzi pa mutu wa batire china pa waya womasulawo, kuti moto uliwonse wotuluka udutse mu kamitamo. Anayambira pa 10A kaye kuopa kuotcha kamita, ataona kuti ndi wochepa anatsitsira pa 200m, poyezera moto waung'ono wa ma mA. Ndipo anandiopseza kuti kamita kakakhala chonchi usayerekeze kudina sitata, sitata imakoka moto wambiri zedi, kamita kamapsa nthawi yomweyo. Njinga yozima, kiyi ali m'thumba mwanga, koma panalembedwa 45. Akuti njinga yopanda zowonjezera imayenera kuonetsa 0 kapena kungodutsa pang'ono, 1 kapena 2.

Nde anayamba kuzula chimodzichimodzi akuyang'ana nambala. Woyamba kugwidwa anali chaja ya foni ya USB imene ndinamangitsa pa handulo, ija ili ndi timanambala tabuluu toyaka, mnyamata amene anandimangira anailumikiza dairekiti ku batire osadutsa pa kiyi, opanda ndi fyuzi yomwe, nde imayaka usiku wonse ine ndili mtulo, ndipo ine ndinkaiona ikuyaka nkumati ndi zokongoletsa kkkk. Ataizula nambala inagwa kufika 21. Wachiwiri anali alamu yanga ya limoti yokhala ndi sipika ya nyimbo, ataizula inafika pa 0. Anatenga kamtengo nkuwerengera pansi padothi, 45mA kuchulukitsa ndi maola 24 ikupitirira 1Ah patsiku, batire lako limasunga moto wokwana 7Ah, ukaimika njinga masiku atatu theka lapita olo likhale latsopano lochoka m'katoni. Usiku umodzi wokha si zambiri kwa batire lodzadza, koma langa silinkadzadza n'komwe, nde mbava yaing'onoyo imaba kwa munthu wosauka kale.

Chomaliza anachipeza mwangozi, kapena ndinene kuti ndi diso la ukadaulo. Ndikubweza njinga kumbuyo kiyi ali on anati taima, bwanji getsi la buleki likuyaka usanaponde? Kasipuling'i ka switchi ya buleki yakumbuyo kanali kokokedwa kwambiri, kuchokera tsiku lomwe anandisinthira ma shoe a buleki, moti getsi limangoyaka ulendo wonse. Babu la buleki ndi 21W, pafupifupi 2A, kuphatikiza lakutsogolo la 35W lomwe limadya pafupifupi 3A, kuphatikiza ma spotlight, zonsezo pa njinga yomwe imatchaja modontheza. Anangopotokola kanati ka pulasitiki kawiri basi latha. Anawonjezera kuti a kabaza ambiri mumayenda phazi mutaligoneka pa buleki, getsi limayaka osadziwa, ndipo wakumbuyo sadziwa kuti mukuima liti. Zimenezo ndinadzigwira nazo ndekha pobwerera, phazi limapita lokha.

Za batire lomata lija ndinkati nalo latha, iwo anati lisiye ligone kuno. Ali ndi kachaja kakang'ono ka pang'onopang'ono, akuti batire la njinga limafuna gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake, la 7Ah ndiye kuti 0.7A kwa maola khumi kapena kupitirirapo, osati zimachaja za galimoto zija zinandiphikira loyamba lija. Anandibwereka lawo lakale kuti ndigwirire ntchito. Mawa lake nditabwera analichotsa pa chaja kalekale kuti lipume, linaonetsa 12.7, nkulimanga, nkuyeza ndikudina sitata, nambala inatsika kufika 10.6 nkubwerera. Akuti likanagwa pansi pa 9.6 bwenzi tikulitaya, koma ili lipita, ngakhale lafupikako moyo chifukwa batire la asidi likamakhala lophwa nthawi yaitali mapuleti ake amachita zoyera zouma zomwe sizichokanso. Anandiuzanso kuti la madzi lija mnyamata wa ku shopu analakwitsa kulimanga atangothira asidi, limafunika likhale kaye kwa kanthawi asidi alowerere kenako litchajidwe lisanagwire ntchito, ndipo madzi akatsika umathiramo madzi a batire okha, osati asidi wina, osatinso a pa mjigo.

Tsopano zoipa zake, chifukwa sindikufuna wina apite kumeneko nkudzanditukwana. Madalawa ndi ochedwa. Ntchito imene ndafotokozayi inandidyera tsiku lonse kuphatikiza m'mawa wa tsiku linalo, kwa munthu wa kabaza amene ali ndi tageti ya abwana tsiku limenelo ndi ngongole. Alibe mzere wolongosoka, akabwera wa galimoto amene amadziwana naye kalekale amakusiya iwe njinga ili yomasula nkukayamba zake, ndipo ukadandaula amangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Foni sayankha, ukaimba imangoitana m'thumba la ovolosi yopachika pa msomali. Ndalama amafuna ya m'manja, za pa foni akuti sazikhulupirira, ndipo lisiti kulibe. Pokhala palibe, mthunzi ndi wa njinga yako yomwe. Kamnyamata kawo kophunzira ntchito kanandithyolera kapini ka kava ya m'mbali pokoka mwamphamvu, pano ndimamanga ndi waya, madala anangokakalipira koma za kulipira sizinatchulidwe. Komanso pakamwa pawo ndi powawa, waya wa sipika yanga ya nyimbo anaudula asanandifunse, amvekere njinga si bawa. Zinandinyansa, chifukwa njingayo ndi yanga ndipo makasitomala ena achinyamata amakonda nyimbo.

Pa alamu tinakanganako ndithu. Iwo amafuna ichoke yonse, ine ndinakana, kuba njinga kwachuluka ndipo anzathu ena anavulazidwa kumene chifukwa cha njinga zomwezi, alamu imandipatsako tulo. Tinagwirizana kuti ikhale, koma ndikadziwa kuti njinga ikhala masiku osayenda, monga ndikapita kumudzi ku maliro, ndizimasula negetivu nkuitsekera m'nyumba ndi loko wa tcheni. Chaja ya foni anaisamutsira ku waya wakuda uja wodutsa pa kiyi nkuikapo kafyuzi, pano imazima ndikachotsa kiyi. Ma spotlight anawasiya koma anati ndiziyatsa pokhapokha ndili mu mdima weniweni, osati masana pofuna kuoneka dolo.

Mtengo sindilemba manambala chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha kwa 44% mu November 2023 mitengo ya masipeya imasintha ngati nyengo, ndikalemba lero mwezi wa mawa mudzati ndinanama. Koma kuyeza, ntchito yonse, kasoketi, kafyuzi ndi rekitifaya yatsopano, zonse pamodzi sizinafike mtengo wa batire lomata lija limodzi. Ndipo patatha sabata ndinabwererako chifukwa indiketa yakumanzere imaphethira mothamanga, anapeza kuti ndi babu lakumbuyo lapsa, anandiyezeranso tchaji nkupeza 14.1, sanandilipiritse kanthu kupatula kunditukwana kuti ndikutsukitsabe njinga ndi pulesha.

Chinanso chimene ndinachita nditachoka kumeneko, ndinagula kamita kangakanga, aja otchipa olembedwa DT830B amapezeka m'mashopu a zamagetsi. Si kapamwamba ayi, tizingwe take ndi tofewa timaduka msanga pa mutu, sikazima kokha nde ukaiwala kubweza pa OFF kabatire kake ka 9V kamatha, ndipo kabatireko kakafooka kamita kamayamba kunama, kamaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, ukhoza kuganiza kuti njinga ikuphika batire pomwe ili bwinobwino. Mbali ya 10A ilibenso fyuzi, ndipo ukaiwala chingwe chofiira mu bowo la 10A nkukagunditsa pa mitu iwiri ya batire ndi shoti yeniyeni, mnzanga wina anandiotchera tizingwe toyamba chonchi tsiku lomwe ndinakagula. Koma pa zoyeza zitatu zija, njinga yozima, njinga ikulira, ndi moto wotuluka kiyi atachotsedwa, kamakwanira.

Pa renki pano kamita kaja kasanduka ka gulu. Mwa anzanga asanu amene ndawayezera, m'modzi yekha ndi amene batire linalidi lakufa, limaonetsa 12.5 koma kungodina sitata limagwera pa 6. Awiri njinga sizimatchaja, m'modzi inali chaja ya USB ngati ine, winayo yake imafika 16 ndipo amadabwa kuti bwanji mababu akumuthera sabata iliyonse ndipo batire likununkha ngati mazira owola. Oyeza ndimayeza koma kukonza sindigwira, onse osatchajawo ndinawatumiza ku Biwi konko, m'modzi anabwerako akutukwana kuti anadikira maola atatu nkuchoka osathandizidwa, winayo anapirira ndipo njinga yake ikulira ndi sitata.

Yanga pano yatha miyezi itatu, kuphatikiza June ndi July yemwe, m'mawa kukuzizira mpaka zala kuuma, nthawi imene mabatire ofooka amagonja. Ndimayeza Lamlungu lililonse m'mawa ndisanalize, imakhala 12.6, pena 12.5 ndikagwira kwambiri usiku ndi ma spotlight. Batire lotupa lija ndinagulitsa kwa anyamata ogula zitsulo zakale. Sipika ya nyimbo ndinailumikizanso ndekha kudzera pa kiyi, ndipo ndikamapita kwa madala ndimayamba ndaibisa pansi pa mpando.